Kwa mayi amene afunsa za nyumba yakale ya njerwa ku Limbe

Mayi, mwanena kuti malemu bambo anu adakusiyirani nyumba ya njerwa ku Limbe, yomangidwa dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira, ndipo abale ena akufuna kuti makoma ake apakidwe pulasitala wa simenti ndi kuti khonde litsekedwe mutuluke mashopu awiri. Mwatinso wina wakuchenjezani kuti boma limaletsa kukhudza nyumba zakale monga lidachitira ndi nyumba yakale ya Mandala House ya mu Blantyre, choncho mukufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona, komanso chochita ndi makoma amene ayamba kufumbutuka cham'munsi.

Ukale pawokha suika nyumba pansi pa chitetezo cha boma. Lamulo loona za zinthu zakale, la Monuments and Relics Act la 1990, limapereka mphamvu kwa nduna kuti ilengeze kuti nyumba kapena malo akutiakuti ndi otetezedwa, ndipo zikatero palibe munthu, ngakhale mwini wake, amene angagwetse kapena kusintha nyumbayo popanda chilolezo. Nyumba zimene zidalengezedwa motere ndi zochepa, ndipo zambiri za anthu wamba sizili m'gululo, koma musadalire zongomva. Lemberani kalata nthambi ya boma ya Museums and Monuments, kapena pitani kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, pafupi ndi kwanuko, kuti akuuzeni ngati yanuyo ili m'kaundula wawo. Chimene chikukukhudzani mosakayikitsa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, pakuti kusandutsa nyumba yogonamo kukhala malo a malonda kumafuna pulani yovomerezedwa, nyumbayo ikhale yakale kapena yadzulo.

Poti mwaitchula Mandala House, ndi bwino tione chimene chaisunga, chifukwa yankho la vuto lanu lili pomwepo. Idamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes, ya ku Glasgow, imene oyang'anira ake kuno anali John Moir ndi mbale wake Frederick, ndipo dzina lakuti Mandala anthu adayamba ampatsa John chifukwa cha magalasi amene ankavala. Ndi nyumba yosanja, ya njerwa zomangidwa ndi matope, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba zamtunduwu zimene zikadalipo m'dziko muno. Mukaiona bwino mudzazindikira kuti makoma ake sali pamtetete, popeza makonde aakulu adawatchinga, denga n'kutulukira patali, kotero kuti mvula imene imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo imathera pa malata ndi pansi, osati pa njerwa. Chinanso n'chakuti nyumbayo siinasiyidwe yabwinja. Muli laibulale ndi zolembedwa zakale za bungwe la Society of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946, ndipo pamene anthu akulowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, lata likadontha limaoneka msanga. Ine ndikhulupirira kuti khonde ndi anthu okhalamo zaiteteza nyumbayo kuposa chikalata cha boma, ngakhale kuti chikalatacho n'chofunika pothana ndi amene angafune kuigwetsa.

Tsono za pulasitala wa simenti, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti muwaletse abale anuwo. Njerwa zakale zambiri zinkaumbidwa ndi manja m'chikombole n'kuwotchedwa pa uvuni wa nkhuni, ndipo ndi zofewa poyerekeza ndi mabuloko a masiku ano. Pakati pake amisiri ankaikapo matope a dothi kapena laimu wosakaniza ndi mchenga. Khoma lotere limamwa chinyezi m'dzinja ndi nthawi ya chiperoni, kenako limachitulutsa dzuwa likawomba, ndipo lakhala likutero zaka zonsezi osagwa. Simenti ndi yolimba, siilola madzi kudutsa mosavuta, motero chinyezi chochokera m'nthaka kudzera m'maziko chikasowa potulukira chimakwera m'mwamba, chimatulukira m'kati mwa zipinda, ndipo njerwa zimafewa kuseri kwa pulasitalayo popanda wozindikira. Zili ngati kutsekera chimanga chosauma m'thumba la pulasitiki. Pakapita zaka zingapo pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, ndipo akamakanganuka amachoka pamodzi ndi nkhope ya njerwa, yomwe ndiyo gawo lake lolimba. Penti wa mafuta amachitanso chimodzimodzi. Ngati khoma likufunika kulikuta, gwiritsani ntchito pulasitala wa laimu ndi mchenga, pamwamba pake njereza, ndipo m'mizere ya pakati pa njerwa momwe matope adagwa mubwezeremo osakaniza ofewa kuposa njerwazo, kuti chowonongeka pakapita nthawi chikhale matope amene mungathe kubwezera, osati njerwa.

Kufumbutuka kwa m'munsi kumene mwakutchula, makamaka ngati mukuonapo zoyera ngati mchere, ndi chizindikiro cha madzi, ndiye muyambe mwafufuza kumene madziwo akuchokera musanagule thumba la chilichonse. Pa nyumba zambiri zakale dothi la panja lidakwera pang'onopang'ono chifukwa cha zinyalala, maluwa obzalidwa mogundana ndi khoma kapena msewu umene udakwezedwa, mpaka kukwirira mizere ingapo ya njerwa imene omanga adaisiya poyera. Dothilo lichotsedwe, pansi patsetsereke kuchoka kukhoma, ngalande zitsegulidwe, ndipo madzi a padenga apatsidwe njira yopita kutali ndi maziko. Amene adaona mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti mu Blantyre nkhani ya ngalande si yochedwa nayo. Mukatha izi, khoma lipatseni chilimwe chathunthu kuti liume musanalikonze.

Pa khonde ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ndikumvetsa kuti abale anu sakulakwa kufuna ndalama ya lendi, pakuti nyumba yosabweretsa kanthu imavuta kuisamala. Koma khonde silinaikidwe kuti likhale chokongoletsa chabe. Ndilo limatchinga makoma ku mvula ya mphepo, limaziziritsa zipinda mu Okutobala, ndipo nsanamira zake ndi mpata wa pakati pake ndizo zimapatsa nyumbayo maonekedwe amene anthu amaidziwira. Mukalitseka ndi mabuloko, mphepo imasiya kuyenda pa khoma lakale, zipinda zimada, ndiponso khoma latsopano lolemera limakhala pa maziko amene adakumbidwira nsanamira zokha. Ngati pabwalo pali mpata, mashopu amangidwe paokha chakumsewu, kapena nyumba yonse ibwerekedwe monga ofesi momwe ilili.

Matabwa nawo musafulumire kuwataya. Zitseko, mafulemu a mawindo ndi mitanda ya nyumba za nthawi imeneyo kawirikawiri zinali za mitengo yolimba monga mbawa, mlombwa kapena mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukonda ndipo lero ndi wosowa kwambiri. Kalipentala wodziwa ntchito angadule powola pokha n'kulumikizapo chigamba. Njerwa zolowa m'malo mwa zowonongeka muzifune kumene akugwetsa nyumba ya msinkhu womwewo, kuti kukula ndi kufewa kwake zifanane. Mng'alu uliwonse muulembe chizindikiro ndi deti kumapeto kwake, ndipo ukapitirira chizindikirocho muitane injiniya wa zomangamanga, osati kungoumata. Jambulaninso zithunzi za mbali zonse ntchito isanayambe.

Anthu ena amanena kuti nyumba ngati izi ndi zotsalira za atsamunda ndipo sizikuyenera kulirira. Sindikutsutsa kuti mbiri ya kampani ngati African Lakes ili ndi zowawa, makamaka pa nkhani ya malo, koma tikumbukire amene adaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziyala. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, yemwe sadaphunzire ntchito yojambula mapulani a nyumba, ndipo manja amene adakweza nsanja zija ndi njerwa zoumbidwa mosiyanasiyana anali a anthu a kuno. Luso limenelo lidafalikira m'Blantyre, Limbe ndi Zomba, ndipo nyumba ngati yanu ndi umboni wake umene ukuchepa chaka ndi chaka pamene mashopu a galasi akulowa m'malo mwake.

Pokambirana ndi abale anu, Mayi, apempheni kuti ndalama imene adaikonzera simenti iyambe yapita ku denga ndi ngalande mvula isanagwe, ndipo mmisiri amene mungamulembe ntchito mumufunse kaye ngati adagwirapo ntchito ndi laimu, akuonetseni khoma limene adakonza zaka zingapo zapitazo kuti mukalione nokha momwe lilili lero.