Mafunso a Owerenga: Kalavani m'Nyengo ya Chisanu ndi Pampu Yodziyatsa Yokha

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kalavani yogonamo yokokedwa ndi galimoto, ndipo kumene ndikukhala kumazizira mpaka madzi kuundana kwa miyezi ingapo. Chaka chatha ndinangokhuthula thanki ya madzi akumwa n'kuimika kalavaniyo. Kutayamba kufunda, pampu inkalira koma madzi osatuluka, ndipo atayamba kutuluka, pampuyo inayamba kumadziyatsa yokha kwa kanthawi ngakhale mipopi yonse ili yotseka. Kodi ndigule pampu ina? Nanga chaka chino ndikonzekere bwanji?
Wowerenga wanu.

YANKHO: Musafulumire kugula pampu ina, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti vuto linayambira pa madzi amene anatsalira m'mapaipi. Kukhuthula thanki kokha sikuchotsa madzi onse. Ena amatsalira pamene mapaipi akhota, m'mipopi, m'valavu ya chimbudzi, m'giza ndiponso m'kati mwa pampu momwemo. Madzi akaundana pa madigiri 0 amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo kufufumako n'kokwanira kung'amba pulasitiki yolimba ya zolumikizira mapaipi. Mng'alu wake umatha kuchepa ngati tsitsi, moti munthu sauona mpaka atabwezeramo madzi.

Pampu ya m'kalavani imayendera batire ya mavoti 12 ndipo ili ndi kaswitchi kamene kamamva mphamvu ya madzi m'mapaipi. Mukatsegula mpopi mphamvuyo imatsika ndipo pampu imayaka, mukatseka imakwera, kawirikawiri kufika pakati pa 45 ndi 55 psi (muyeso wa mphamvu imene madzi kapena mpweya zimakankhira), ndipo pampu imazima. Choncho pampu imene ikudziyatsa yokha ikukuuzani kuti mphamvu ikuthawira penapake. Pukutani bwino pansi pa sinki, kuseri kwa chimbudzi, pozungulira giza ndi pa shawa ya panja, kenako yalani mapepala ouma pansi pa cholumikizira chilichonse n'kusiya pampu ili yoyatsa kwa ola limodzi. Pepala limene lanyowa lidzakusonyezani pochucha. Ngati ponse pali pouma, masulani paipi yotuluka m'pampu n'kutseka potulukirapo ndi chotsekera cholimba. Ikapitirizabe kudziyatsa, ndiye kuti valavu ya m'kati mwake, imene imaletsa madzi kubwerera m'thanki, yawonongeka kapena yatsekeredwa ndi kamchenga. Ngakhale pamenepo, opanga mapampu monga Shurflo amagulitsa padera zipangizo zosinthira mbali imeneyi.

Vuto lanu loyamba lija, la pampu yolira popanda madzi, nthawi zambiri limakhala kumbali yokokera madzi. Pakati pa thanki ndi pampu pali kasefa kokhala m'kachikho koonekera m'kati, ndipo kachikhoka kamatha kung'aluka ndi chisanu. Kakang'aluka, kapena labala yake ikauma, pampu imakoka mpweya m'malo mwa madzi. Kamasuleni, mutsuke sefayo, ndipo mukayang'anitsitse powala. Koma pampu ikangoti zii osalira n'komwe, yambani mwaona fyuzi, mphamvu ya batire ndi mawaya musanaikhudze.

Tsopano za kukonzekera chisanu. Yambani ndi kuzimitsa giza, kumbali ya magetsi ndi ya gasi yomwe, ndipo mudikire kuti madzi azizire, chifukwa kumasula chotsekera chake madzi ali otentha ndiponso ali ndi mphamvu kungakuwotcheni, pomwe kuisiya yoyaka ilibe madzi kumapsereza chotenthetsera chake. Tulutsani mphamvu potsegula mpopi wa madzi otentha, kenako muikhuthule. Khuthulaninso thanki ya madzi akumwa, ya madzi a m'sinki ndi ya chimbudzi pamalo ovomerezeka, ndipo mutsegule mavalavu okhuthulira amene ali pansi penipeni pa kalavani. Chotsani sefa yoyeretsa madzi akumwa ngati ilipo. Mukatero tembenuzani mavalavu olambalalitsa giza, amene amaletsa madzi kulowa m'gizamo, pakuti giza ya makalavani ambiri imalowa malita pafupifupi 23 kapena 38, ndipo mukaiwala zimenezi mankhwala onse oletsa kuundana amene mudzathira m'mapaipi adzathera mmenemo pachabe.

Pali njira ziwiri zotetezera mapaipi. Ena amapopera mpweya ndi kompuresa kudzera polowera madzi a kunja, pa mphamvu ya 30 mpaka 40 psi, uku akutsegula mpopi umodziumodzi mpaka utasiya kulavula madzi. Njirayi ndi yaukhondo, koma mpweyawo sudutsa m'pampu, ndiye madzi amakhalabe m'malo omwewo amene akuvutitsani inu. N'chifukwa chake kwa inu ndikuona kuti njira yachiwiri, yothira mankhwala oletsa kuundana, ndiyo yodalirika, ndipo ndi bwino kuichita mutayamba mwapopera mpweya.

Samalani kwambiri pogula mankhwalawo. Ofunika ndi opangidwira makalavani, amene kawirikawiri amakhala apinki ndipo ambiri amapangidwa ndi propylene glycol. A mu injini ya galimoto, okhala ndi ethylene glycol, ndi poizoni ndipo asalowe n'komwe m'mapaipi a madzi akumwa. Malita 8 mpaka 12 amakwanira makalavani ambiri. Tsekani mavalavu okhuthulira aja, ikani kapaipi kokokera ka pampu m'chigubu cha mankhwala, tembenuzani valavu ya kapaipiko kuti pampu izikoka m'chigubumo osati m'thanki, yatsani pampu, ndipo muyambire pa mpopi wapafupi, mbali yozizira ndi yotentha, mpaka atatuluka madzi apinki enieni osati otuwa. Chitani chimodzimodzi ku shawa, ku chimbudzi ndi ku shawa ya panja imene ambiri amaiiwala. Pomaliza thirani pafupifupi kapu imodzi m'dzenje la sinki iliyonse ndi la shawa, ndipo musiye pang'ono m'mbale ya chimbudzi kuti labala yake isaume.

Chisanu chikatha, bwezerani valavu ya kapaipi kokokera kaja kuti iloze ku thanki, chifukwa ikaiwalika pampu yabwinobwino imalira popanda madzi monga inachitira yanu. Tsukani mapaipi ndi madzi oyera mpaka pinki yense atatha musanabwezeretse mavalavu a giza, ndipo gizayo muiyatse pokhapokha itadzaza.