Khosi likavuta ku ICU, ndiyambe ndi chiti?

FUNSO: Adokotala, ine ndimagwira ntchito ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), tangolandira video laryngoscope, chipangizo cha kamera choonera kukhosi poika chubu chopumira, koma akuluakulu athu akuti zimenezo nzachibwana, Macintosh (laryngoscope yanthawi zonse yopanda kamera) ndi bougie (kandodo kopyapyala kotsogolera chubu) basi. Nanga akabwera wodwala wonenepa, wa khosi lalifupi, okosijeni ikutsika, ndigwire chiti poyamba?

YANKHO: Achimwene, gwirani ya vidiyoyo ngati munaiphunzira kale. Mu 2023 kafukufuku wa DEVICE ku America, pa odwala oposa 1,400 a ku ICU ndi ku emergency, anapeza kuti chubu chinalowa ulendo woyamba mwa 85 pa 100 aliwonse ndi vidiyo, pomwe ndi laryngoscope yanthawi zonse anali 71 okha. Ulendo woyambawo ndiye nkhani yonse chifukwa wodwala wa ku ICU alibe mpweya wosungira, mukabwerezabwereza khosi limatupa, magazi amatuluka ndiye kuona kumavutiratu.

Komatu akuluakulu anuwo asanyozeke, bougie ikhale pambali panu nthawi zonse. Ngati mukungoona epiglottis yokha (kachivindikiro ka pakhomo la njira ya mpweya), bougie ndi imene ingakupulumutseni. Blade (mbali yolowa m'kamwa) ya vidiyo yopindika kwambiri imaonetsa bwino pa sikirini koma chubu chimakana kukhota, ndiye ikani stylet (kawaya kolimbitsa chubu) muipinde mofanana ndi bladeyo musanayambe, osati kumakapinda wodwala ali gone mpweya ukutha. Ndipo sakishoni iyatsidwe, masanzi kapena magazi akangokhudza kakamera kaja sikirini imachita mdima, apo Macintosh ndiye imagwira ntchito.

Zikakanika musaumirire. Malangizo a 2018 a Difficult Airway Society, bungwe la akatswiri pa nkhaniyi, amati kuyesa katatu kwakwana, kachinayi ayese amene akukuposani luso. Kenako ikani i-gel (chipangizo chokhala pamwamba pa khomo la njira ya mpweya) kapena china chamtundu womwewo mupereke okosijeni kaye. Ikakanika nayonso ndipo mask sikulowetsa mpweya, ndi kucheka pakhosi basi: scalpel (kampeni ka opaleshoni), bougie, chubu cha saizi 6. Anthu amachedwa apa chifukwa cha mantha, ndiye khudzanitu khosilo mupeze pamene mungacheke mankhwala ogonetsa asanalowe.

Chinanso, chipangizo chabwino sichikweza BP. Kafukufuku wa INTUBE wa 2021 m'mayiko 29 anapeza kuti pafupifupi 45 pa 100 anakumana ndi vuto lalikulu poikidwa chubu, ambiri mwa iwo BP kugwa. Noradrenaline (mankhwala okweza BP) ikhale yokonzeka, mutu wa bedi mukweze, okosijeni mupereke mokwanira musanayambe, ndipo chubu chikalowa musakhulupirire maso anu okha, onani mafunde a capnography (makina oyeza mpweya woipa umene wodwala akutulutsa) akubwera mobwerezabwereza.