Gateway ya PABX yakale: fufuzani kaye CAS yake musanalipire

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati pa loji yomwe mumagwira ntchito ku Randburg pali PABX (makina ogawa mafoni m'zipinda) yakale yolandira mafoni kudzera pa E1 (laini ya digito yonyamula mafoni 30 nthawi imodzi), abwana akufuna kusiya waya wa kopa n'kuyamba SIP trunk (malaini a foni odzera pa intaneti) ya pa fibre, koma PABX ndi mafoni a m'zipinda sakufuna kuzitaya. Papepala lomwe anasiya amisiri akale palembedwa CAS (njira yomwe PABX imauzirana ndi kampani ya mafoni za laini iliyonse), ndiye mukufunsa kuti mugule gateway iti, kutanthauza kabokosi kolumikiza E1 ndi SIP.

Musathamangire mitengo. Kuona "E1" pabokosi sindiye kuti makinawo adzamvana ndi PABX yanu. E1 imanyamula 2.048 Mbit/s, yogawidwa m'ma timeslot (tinjira) 32 a 64 kbit/s. Timeslot 0 ndi yolunzanitsa mafuremu, 30 ndi a mawu, ndipo nkhani yonse yagona pa timeslot 16. E1 ikakhala ya mtundu wa ISDN PRI, pamenepa pamadutsa mauthenga athunthu a Q.931 onena za mafoni onse. Ikakhala CAS, laini iliyonse mwa 30 ija imapatsidwa ma bit ake anayi, A, B, C ndi D, omwe amabwera pa 2 ms iliyonse. Tinthu tinayi timeneti timangonena kuti laini ili phe, yagwidwa, yayankhidwa kapena yadulidwa. Nambala yoimbidwa kawirikawiri siidutsa pamenepo ayi, imayenda ngati kulira kwa ma tone m'kati mwa laini ya mawu yomweyo.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. CAS ili mitundumitundu. Ma PABX ena amatumiza nambala ndi DTMF wamba (ma tone omwe mumamva mukadina mabatani a foni), ena amagwiritsa R2 MFC. Mu R2, mbali yoimba imatumiza tone ya digit imodzi ndipo siyisiya mpaka inzake itayankha, ngati anthu awiri akuwerengerana ndalama pamsika: sapereka pepala lachiwiri winayo asanavomere kuti walandira loyamba. Ma tone opita kutsogolo ali pakati pa 1380 ndi 1980 Hz, obwerera pakati pa 540 ndi 1140 Hz. ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, inalemba malamulo ake mu Q.421 ndi Q.441, koma maiko ambiri anasinthamo tanthauzo la ma tone ena ndi nthawi zodikirira. Tone yomwe kwina ikutanthauza "ndipatse nambala ya woimba" kwina ikutanthauza china. Zikasemphana, magetsi obiriwira pa gateway amayaka bwinobwino, inu n'kumati zatheka. Kenako foni ikulira ku reception koma nambala ya woimba osaoneka, kapena mlendo waika foni pansi koma laini yatsalabe yogwidwa, ndipo pofika madzulo malaini angapo afa mwakachetechete.

Choncho funso loyamba lipite kwa amene amakonza PABX yanu: kodi khadi la E1 lija lingasinthidwe kukhala PRI? Pa makina ena ndi nkhani ya setting kapena laisensi basi, pa ena pamafunika khadi lina. Ngati zingatheke, chitani zimenezo ngakhale mulipirepo kangachepe. PRI imabweretsa nambala ya woimba popanda kulimbana, foni imalumikizika msanga, ndipo ikadulika imanena chifukwa chake. Amisiri oidziwa muno mu Johannesburg ndi ambiri, pomwe odziwa R2 akucheperachepera.

Ngati sizingatheke, ine ndingayang'ane kaye AudioCodes Mediant kapena rauta ya Cisco yokhala ndi khadi la mawu la E1. Pa AudioCodes, khalidwe la CAS limachokera mu fayilo yomwe mumailowetsa m'makinamo, ndiye uzani wogulitsa akupatseni fayilo yoyenerana ndi PABX yanu musanatulutse ndalama. Pa Cisco pali cas-custom, yomwe ili ndi mndandanda wa maiko, ndipo mulinso southafrica-panaftel. Koma musaisankhe chabe chifukwa dzinalo likutchula dziko lino. PABX yanu mwina inaikidwa pa ITU wamba, ndipo chofunika ndi chomwe chili m'kati mwake. Yeastar TE100 ndi yotsikirako mtengo ndipo ili ndi MFC R2. Ingakuthandizeni ngati wogulitsa avomera kuti muiyese kaye. Asterisk ndi OpenR2, mapulogalamu oika pa kompyuta, imagwira ntchito ndithu, ndipo imakuonetsani tone iliyonse mu log, koma pa loji sindingakulimbikitseni. Mukapita kumudzi mu Disembala, zipinda zitadzaza, adzaikonza ndani?

Pali china chomwe chimaiwalika. Gateway ikulowa m'malo mwa exchange ya kampani ya mafoni, ndiye ndi iyo yopereka clock (liwiro lomwe mbali zonse ziwiri ziziyendera), PABX izingolandira monga inkachitira kale. Zonse ziwiri zikamadziyendera pa clock yakeyake mudzamva "tsi, tsi" m'mawu, fax ndi makina akale a makhadi n'kumakana. Onaninso kuti CRC4 yayatsidwa kapena kuzimitsidwa mofanana mbali zonse, ndipo pa ma setting line code ikhale HDB3, mawu akhale pa A-law. Suzumirani kuseri kwa PABX: mukaona mabowo awiri ozungulira a BNC, imeneyo ndi 75 ohm ndipo mufunika balun (kachipangizo kolumikiza BNC ndi RJ48), chifukwa ma gateway ambiri ali ndi RJ48 ya 120 ohm. Ngati ndi RJ48 mbali zonse, nthawi zambiri pamafunika waya wopingasa, mapini 1 ndi 2 apite pa 4 ndi 5. Waya wa netiweki wamba sungachite zimenezo.

Za manambala, fufuzani kuti PABX imayembekezera ma digit angati. Kampani ya SIP ingatumize nambala yonse yoyamba ndi 011 kapena +2711, pomwe PABX inazolowera atatu kapena anayi omalizira okha. Gateway ndiyo idule. Manambala aafupi ngati 10111 (polisi) ndi 10177 (ambulansi) alembedwe paokha mu dial plan (ndondomeko ya manambala ya mu gateway) kuti asamadikire ma digit khumi, ndipo kampani ya SIP ikutsimikizireni kuti amadutsa. Mlendo akadwala usiku, zimenezi ndi za moyo wa munthu.

Laini yakale musaitseketse nambala yanu ya 011 isanasamutsidwe, mungaitaye. Gateway ikhale ndi chizindikiro cha ICASA (bungwe loyang'anira za matelefoni muno mu South Africa), ndipo iyoyo, rauta, kabokosi ka fibre ndi PABX zonse zikhale pa UPS (batire losunga magetsi) imodzi yokhala ndi chotchinjiriza mphezi, poti mvula ya kuno mukuidziwa.

Jambulani khadi la E1 lija ndi tsamba la ma setting a trunk, mubise ma password, mutumize muno. Ndikaona ngati palembedwa R2, MFC kapena E&M (mtundu wina wa CAS), ndikuuzani zoti mukafunse wogulitsa.