Funsani Malume a Mafilimu: Kodi pati 2 imafikapo pa yoyamba?

Malume,
Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe koma kunyumba ndi ku Bangwe. Kumapeto kwa sabata yatha ine ndi alamu anga tinabenetsa mu fulashi mafilimu onse atatu a Rush Hour n'kuonera motsatizana. Titamaliza panabuka mkangano mpaka nsima inazizira m'mbale. Ine ndikuti filimu ndi yoyamba ija, zinazo n'zongotidyera ndalama. Alamu akuti yachiwiri ndiye yokoma kuposa zonse. Ndiponso si Rush Hour yokha: mafilimu oseketsa a apolisi ndi mbava amene ndinaonerapo, pati 2 yake imakhala yozizira. Kodi ndi maso angawa kapena ndi mmene zilili? Tiweruzeni, mayi a kunyumba atopa nafe.
Telala wa ku Bangwe

A Telala, pa Rush Hour pokha alamu anu ali ndi mfundo, muwagulire Fanta. Pa zinazo mwalasa.

Ndili mnyamata ndinkathandiza pa vidiyo sho ina ku Ndirande, chakumunsi kwa msika. Ntchito yanga inali kulemba pabolodi ndi choko, kutolera makobidi pakhomo ndi kubweza tepi m'mbuyo filimu ikatha. Tikangolemba kuti "pati 2", mabenchi ankadzaza filimu isanayambe, ena n'kumakhala padothi. Koma tikaibwereza mawa lake munkalowa anthu owerengeka. Yoyamba ija inkayenda mosiyana: tsiku loyamba anthu ochepa, kenako n'kumachuluka chifukwa chouzana kumsika ndi m'maminibasi. Eni mafilimu ku Hollywood amadziwa bwino zimene ife tinkadziwa ndi choko chathucho, kuti dzina lodziwika limadzigulitsa lokha, kaya mumphikamo muli nyama kaya mafupa okhaokha.

Chimene chimaseketsa m'mafilimu amtunduwu si kuba kapena kuphana kuja ayi. Mlanduwo umangokhala chifukwa chochotsera munthu kwawo n'kukamuponya kumene sadziwa njira. Mu Rush Hour ya mu 1998, mwana wamkazi wa kazembe wa dziko la China wabedwa ku Los Angeles. Kazembeyo akuitanitsa wapolisi amene amamukhulupirira, Lee wa ku Hong Kong, ndiye Jackie Chan ameneyo. Apolisi ofufuza milandu a boma la America, a FBI, sakumufuna mlendoyu, choncho akutenga wapolisi wolongolola, Carter, yemwe ndi Chris Tucker, kuti azingomuzunguliza mtawuni asayandikire mlanduwo. Awiriwa sakufunana, sakumvana, wina pakamwa ngati wailesi, mnzake amayankha ndi mateche. Phwete lonse lili pamenepo. Koma pofika kumapeto agwirizana, akukwera ndege limodzi ngati pachibale.

Ubwenzi umenewo ndi umene umapha pati 2. Taganizani za mkamwini watsopano pamudzi. Masiku oyamba aliyense amasuzumira mmene akudyera, mmene akugwirira khasu, mmene akuzembera apongozi panjira. Pakatha zaka zisanu ndani amamuyang'ananso? Ndi bambo wapamudzi basi. Mwinifilimu naye akazolowera malo ndi mnzake uja, olemba nkhani amatsala ndi mfuti ndi magalimoto, nthabwala itapita kale.

Ndiye apa mpamene alamu anu akulowera. Amene anakonza Rush Hour 2 mu 2001 anachita nzeru yophweka: anatembenuza chikamwini chija. Ulendo uno mlendo ndi Carter. Wapita kutchuthi ku Hong Kong, kwawo kwa Lee, ndipo kulongolola kwake kuja sikukugwira ntchito chifukwa chilankhulo sachidziwa; akati ayankhule Chitchaina, akutukwana anthu osadziwa. Nthabwala ndi yomwe ija koma yavala malaya atsopano, inu atelala mukudziwa. Anawonjezeranso mdani wochititsa mantha, mtsikana wosaseka Zhang Ziyi, ndi nkhani ya ndalama zachinyengo imene ikukathera ku Las Vegas. Anthu anaikonda: yoyamba inapeza madola pafupifupi 244 miliyoni padziko lonse, yachiwiri pafupifupi 347 miliyoni. Ine pandekha ndimakondabe yoyamba, koma munthu wonena kuti yachiwiri ikuposa sindingamutulutse m'nyumba.

Yachitatu ija, ya mu 2007, nonse awiri simunaitchule n'komwe pomenyera ufulu, ndipo ndikumvetsa. Anawatengera ku Paris kuti onse akhale alendo, koma alendo awiri ogwirizana ndi anthu okaona malo chabe. Jackie Chan anali atafika zaka 53. Thupi linali likuyeserabe, koma msinkhu sunama.

Njira ina yopulumutsira pati 2 ndiyo kubweretsa mkamwini wina. Lethal Weapon ya mu 1987 inakumaniza Mel Gibson, wapolisi wosaopa kufa chifukwa mkazi wake anamwalira, ndi Danny Glover, bambo wapabanja amene akungofuna kufika pa penshoni ali moyo. Pofika mu 1989 awiriwa anali akudyera mbale imodzi, ndiye olemba anawaponyera pakati Joe Pesci, kamunthu kolongolola kosunga ndalama za zigawenga, kuti azikalondera ngati mboni. Mkangano unayambiranso, tsopano awiri kulimbana ndi mmodzi. Adani ake anali akazembe a boma la tsankho la South Africa, obisala kumbuyo kwa lamulo loti kazembe samangidwa. Kwa ife kuno nkhaniyi inali ndi kakomedwe kena, popeza Malawi anali pa ubale wa ukazembe ndi boma lomwelo kuyambira mu 1967, ndipo panali madala ambiri mu Ndirande amene anakagwirako ntchito ku Joni ndipo azungu amtundu umenewo ankawadziwa. Imeneyi ndi pati 2 imene ndimaiika patsogolo pa yoyamba popanda kukayika.

Koma zimenezi n'zowerengeka. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti yoyamba ikachita bwino, ndalama zimachuluka, ndipo ndalama zambiri sizigula nthabwala, zimagula mabomba. Chitsanzo changa ndi Bad Boys. Ya mu 1995 inapangidwa ndi madola pafupifupi 20 miliyoni. Mankhwala ozunguza bongo abedwa m'chipinda chosungira umboni kupolisi ya ku Miami, ndipo mboni yokhayo ikufuna kuyankhula ndi Mike yekha, mbeta yachuma ija ya Will Smith. Mike kulibe, ndiye Martin Lawrence, bambo wa ana woopa mkazi wake, akukakamizika kunamizira kuti ndi iyeyo, kumagona m'nyumba ya mnzake pamene mnzakeyo akukagona kunyumba kwake. Bambo aliyense wapabanja amene anaonera ankaseka akudziwa moto umene ukudikira kunyumba. Ya mu 2003 anaithira madola 130 miliyoni, n'kutalika pafupifupi maola awiri ndi theka. Magalimoto akugubuduzika mumsewu osawerengeka, mitembo ikugwa m'galimoto, ndipo chakumapeto, ku Cuba, akutsetsereka phiri ndi chigalimoto akuphwasula tinyumba tamalata. Ine pamenepo sindinaseke. Tinyumba timeneto tinkangondikumbutsa kumtunda kwa Mbayani.

Beverly Hills Cop nayo njira yake ndi yomweyo. Mu 1984 Eddie Murphy, ali ndi zaka 23, anali wapolisi wa ku Detroit wovala wamba amene walowerera tawuni ya anthu olemera kufunafuna amene anapha mnzake, mpaka kutseka ekizozi ya galimoto ya apolisi anzake ndi nthochi. Pofika yachitatu mu 1994 aliyense ku Beverly Hills ankamudziwa, ndipo iyenso ankaoneka ngati wabwera kudzatenga malipiro. Panatha zaka 30 asanayerekezenso. Ina inadzatuluka pa Netflix mu 2024.

Komabe a Telala, maso anuwo nawonso ndisawasiye osawafunsa. Mwaonera mafilimu atatu motsatizana, anthu awiri pabalaza. Mtanda wachitatu wa nsima sukoma ngati woyamba ngakhale ndiwo zikhale zomwezo. Ndipo ngati yoyambayo munaionera kale muli mnyamata, mutapanikizana pabenchi ndi anzanu makumi asanu, wina akukuwa kumbuyo kuti "mwinifilimu safa!", ndiye kuti theka la kukoma kumene mukukumbukira linali la anthu amenewo. Pati 2 ikupikisana ndi ubwana wanu, ndipo mpikisano umenewo ndi wokondera.

Malume,
Mukamanyoza pati 2, nanga mafilimu a ku Nigeria aja? Ine ndinkaona kuti yachiwiri ndiye inkakoma chifukwa ndi mmene mbava zinkagwidwa.
Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, amenewo ndi ena. Ambiri mwa iwo sanali mafilimu awiri, inali filimu imodzi yodulidwa pakati kuti mugule madisiki awiri. Ankajambula zonse nthawi imodzi, n'kudula pamene mtima uli m'mwamba, wakuba ali pawindo mwininyumba akutembenuka pabedi. Yachiwiri inkakoma chifukwa ndi mmene munali mathero a nkhani imene munailipira kale. Amene tikukamba ndi a Telalawa ndi oti nkhani inatha bwinobwino, adani anafa kapena anamangidwa, ndiye patapita zaka wina akuidzutsa chifukwa yoyamba inabweretsa ndalama.

Malume,
Ine mafilimuwa ndimaonera omasuliridwa m'Chichewa, ndipo kunena zoona sindisiyanitsa yoyamba ndi yachiwiri, onse ndimaseka mpaka misozi. Ndiye mkanganowu ukuchokera pati?
Mnyamata wa kabaza, Zingwangwa

Mphwanga, iwe amene amakuseketsa si Chris Tucker, ndi mnyamata wa pa maikolofoni uja. Omasulira athuwa satsata mawu a m'filimu ndendende. Amatcha anthu mayina akuno, msewu wa ku Hong Kong amausandutsa wa ku Limbe, wapolisi akaimitsa galimoto amamuikira mawu amene iwe umawamva tsiku lililonse pa rodibuloko. Pamene olemba a ku Hollywood anatopa n'kusiya mphindi khumi za kuthamangitsana kopanda mawu, iye amadzazapo zake. Ndiye pati 2 yozizira imatha kutenthedwa ndi pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo ndinaonapo filimu yotopetsa kwambiri ikugwetsa anthu pabenchi chifukwa cha zimenezi.

Vuto lake n'lakuti nthabwala zina zimafera m'njira. Kuseketsa kwa Rush Hour kuli poti Lee ndi Carter sakumvana chilankhulo, koma womasulira akawayankhulitsa onse awiri Chichewa chosalala cha mtawuni, kusamvana kuja kumasowa. Tsiku lina ukapeza mpata, ukabenetse yoyambayo yosamasulira. Ngakhale Chingerezi chikupite pambali, uyang'ane nkhope ya Jackie Chan pabwalo la ndege pamene Carter akumukuwira ngati akuyankhula ndi gonthi, iye ali phee kunamizira kuti sakumva chilichonse.