Penti wakale pa kandege ka pulasitiki: thinara ayi, yambani ndi sipiriti

Achimwene ena andilembera imelo. Akuti agula kandege ka chidole ka Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, kopangidwa ndi kampani ya Airfix, ka msinkhu wa 1:72 (ndiye kuti ndege yeniyeni imakaposa kutalika maulendo 72), komwe mwini wake woyamba anakapaka penti wochindikala mpaka timizere ta pamapiko sitikuonekanso. Funso lawo ndi lakuti, kodi angakaviike mu thinara kuti penti yense achoke?

Achimwene, thinara musayerekeze n'komwe. Zidole za Airfix, Revell ndi Tamiya zimapangidwa ndi pulasitiki ya polystyrene, ndipo thinara wa penti wa galimoto amaisungunula. Chimodzimodzinso acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ambiri ochotsera penti wa m'zikhadabo. Pajatu guluu womatira zidolezi amagwira ntchito posungunula mbali ziwiri kuti zigwirane. Ndiye mukaviika kandege konse, mudzavuula chibulumwa.

Choyamba dziwani mtundu wa penti. Nyowetsani thonje ndi sipiriti wa pepo uja wa ku famase, mupukute pansi pa phiko pomwe sipaonekera. Thonje likasintha mtundu, penti ameneyo ndi wa acrylic, ngati wa Tamiya. Pamenepo ntchito yachepa: viikani mu sipiriti yemweyo kapena mu isopropyl alcohol kwa ola limodzi kapena awiri, kenako mukweche ndi mswachi wakale.

Koma ine ndikuganiza kuti wanu ndi wa enamel. Ana ambiri a ku Britain ankapaka zidolezi ndi penti wa Humbrol, wa m'tizitini ta 14 ml, ndipo akauma zaka zambiri sipiriti samusuntha. Uyu amafuna mankhwala otsukira uvuni okhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo. Poperani kandege konse, mukaike m'jumbo, mumange pakamwa kuti thovu lisaume, kagone momwemo. M'mawa mudzapeza penti wafewa, wachita makwinya ngati khungu la nyemba zoviikidwa, ndipo amachoka ndi mswachi pansi pa mpopi. Pokhala penti wanu ndi wochindikala, mwina mubwereza kawiri. Sodayu sadya polystyrene, koma amawotcha khungu ndipo akalowa m'maso ndi ngozi yaikulu. Valani magolovesi ndi magalasi, gwirirani ntchitoyi panja, ana ali kutali. Musagwiritse ntchito poto wa aluminiyamu, chifukwa soda amamudya.

Ngati mankhwala a uvuni akusowa, Dettol wa bulauni uja amathandizanso. Musamusungunule ndi madzi. Viikani tsiku limodzi kapena awiri m'chidebe chotseka. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathamangira kumpopi penti asanachoke, ndipo madzi akangokhudza, penti amasanduka phula lomata paliponse. Kwecherani mu Dettol momwemo mpaka pulasitiki ioneke, madzi abwere pomaliza. Fungo lake limakhalitsa ndithu, koma limatha.

Ena adzakuuzani za brake fluid. N'zoona kuti amachotsa penti, koma ine sindimukonda, chifukwa nthawi zina pulasitiki imatsala yosachedwa kusweka, makamaka miyendo ndi mapiko a pulopela.

Kagalasi kophimba woyendetsa ndege kasamalireni padera. Pulasitiki yoonekera mkati imang'aluka msanga ndipo sipiriti akhoza kuichititsa chifunga. Ngati kanamatidwa ndi guluu wakale wa m'chubu, ikani kandege mu firiza usiku umodzi. Kawirikawiri guluu wotere amathetheka, kagalasi n'kuchoka mukakanyamula pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni. Yesani mankhwala pa kakona kaye. Tizikanda tating'ono mungatifafanize ndi mankhwala otsukira mano ndi kansalu kofewa.

Penti wotsalira m'timizere mumutokose ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Mukatero tsukani ndi sopo wa mbale m'madzi ofunda pang'ono, chifukwa otentha amapinda mapiko. Mukaona kuti pulasitiki yatsala ndi kamtundu kobiriwira, musalimbane nayo, primer, penti woyambirira wa pansi uja, adzaphimba. Zizindikiro zomata zija, timabwalo ta RAF (gulu la ndege zankhondo la ku Britain) ndi manambala, sizipulumuka, choncho yambani kufunafuna zina za 1:72 pomwe kandege kakuuma. Kasiyeni tsiku lathunthu kataimikidwa mphuno pansi, kuti madzi a m'kati atuluke musanapake primer.