Float serve ikukana kuvina: ndi dzanja, mpira kapena foni?

Funso: Ndimaphunzitsa timu ya atsikana ya volleyball. Miyezi iwiri tsopano tikuyeserera float serve (seva yomwe mpira suzungulira, umangovina uku ndi uku m'malere), koma mpira ukungopita mowongoka ndipo olandira sakuvutika nawo n'komwe. Ndinayesa kujambula pa foni kuti ndione pomwe tikulakwitsa, vidiyo yake ikungotuluka mbuu. Komanso mipira yathu iwiri ikumaphwa usiku umodzi wokha. Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, yambani ndi mipirayo, manja a ana muwaweruze pambuyo. Malamulo a FIVB, bungwe loyendetsa volleyball padziko lonse, amati mpira wa volleyball uzilemera magalamu 260 mpaka 280, ndipo mpweya wake ukhale pakati pa 0.30 ndi 0.325 kg/cm², omwe pa geji ya psi ndi 4.26 mpaka 4.61. Ndi mpweya wochepa kwambiri. Mpira wamiyendo umayambira pa 0.6, ndiye amene wazolowera kupopa umenewo akagwira pampu amaumitsa wa volleyball ngati mwala. Kufinya ndi chala sikuyeza ayi. Pezani geji ya mipira, chifukwa ya matayala agalimoto siwerenga bwino manambala aang'ono chonchi. Muyeze mpira uli pamthunzi: womwe mwaupopa pa madigiri 20 n'kuusiya padzuwa mpaka kufika 40 ukhoza kukwera kuchoka pa 0.31 kufika pafupifupi 0.40 popanda woukhudza. Mwana amene lero akumenya wolimba, mawa wofewa, dzanja lake silingakhazikike.

Iwiri ikuphwayo ipopeni, kenako pakani madzi a sopo pavalavu. Pakatuluka thovu, vuto ndi valavu, ndipo kawirikawiri woipha ndi singano youma kapena yopindika yomwe munthu anaikankha mokakamiza. Muziinyowetsa kaye ndi madzi a sopo kapena glycerine, n'kuilowetsa mowongoka. Pa mipira yambiri valavu imasinthika, pali kachitsulo kokokera yakale ndi kolowetsera yatsopano. Thovu likamatulukira m'mphepete mwa zigamba, ndiye kuti chubu chamkati chabooka. Ena amathiramo mankhwala omata zibowo. Ine sindiwakonda: amaunjikana mbali imodzi, mpira n'kumagwedera wokha, mwana n'kumadziyesa katswiri wa float pamene ndi mpira wolumala.

Tsopano foni. Vidiyo wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi. Mpira wothamanga makilomita 60 pa ola umayenda pafupifupi masentimita 55 pakati pa chithunzi chimodzi ndi chinzake, choncho mphindi yomwe dzanja likukumana ndi mpira imakudutsani. Sankhani slow motion, 120 kapena 240 ngati foni yanu ili nayo. Pa 240 mpirawo umasuntha masentimita 7 okha. Koma slow motion imafuna kuwala kochuluka. M'holo ya mababu a chubu vidiyo imada ndiponso imaphethira, si kuti kamera yafa, ikungoona kuthwanima kwa magetsi komwe maso athu saona. Jambulani panja dzuwa lili kumbuyo kwanu, pukutani galasi la kamera, ikani foni pa tripod kapena muitsamiritse pampando kumbuyo kwa woseva, chakumbali ya dzanja lomenyera. Dinani pasikirini osachotsa chala mpaka focus itakhoma. Jambulani tizidutswa tifupitifupi, apo ayi malo adzadza ndipo foni itentha.

Mukamaonera, maso akhale pampira, osati pamwana. Float serve imavina chifukwa mpira suzungulira, ndiye mpweya umadutsa mosiyana pa mizere ya zigamba zake n'kuukankhira uku ndi uku. Mitundu ya pampira ndiyo mboni yanu. Ngati wachikasu ndi wabuluu zikusinthana kangapo mpira usanawoloke neti, imeneyo si float, ndi seva wamba yofooka. Ine ndimati ukatembenuka kopitirira kamodzi, bwererani kudzanja.

Zolakwika zake sizichuluka. Chachikulu ndi kaponyedwe: mpira ukuchoka m'dzanja lamanzere ukuzungulira kale, kapena ukupita m'mwamba kwambiri mwana n'kumaudikira. Auponye pang'ono chabe, patsogolo pa phewa la dzanja lomenyera. Muuzeni aponye kakhumi osamenya, mpira uzigwa pamalo amodzi. Ambiri amalephera pomwepa, ndipo vidiyo imawaonetsa poyera. Chachiwiri ndi dzanja kupindika pomenya. Likhale lolimba ngati thabwa, chikhatho chigunde pakatikati pa mpira, zala zisaukulunge, ndipo mkono usatsikire mpaka pantchafu monga amachitira pa topspin, seva yozunguza mpira chakutsogolo. Kuli bwino mpira udutse motsika: neti ya akazi ndi mamita 2.24, ndipo masiku ano seva yokhudza neti n'kuwoloka ndi yabwinobwino, choncho palibe chifukwa choukwezera kumitambo. Woyimbira akaimba wezulo pali masekondi 8. Ana ambiri amamenya pa sekondi yachiwiri ngati akuthamangitsidwa.

Float ikayamba kugwira, foni yomweyo isamukire kuseri kwa mzere wakumapeto kwa mbali inayo, ijambule liwiro wamba, muone komwe maseva akugwera. Mudzapeza kuti ochuluka akupita pakati chakumbuyo, pamalo otchedwa 6, pomwe wolandira bwino kwambiri amaima. Aphunzitseni kulunjika pampata wa pakati pa olandira awiri, pomwe aliyense amayesa ndi wa mnzake. Kulunjika pa 1, kona yakumbuyo chakumanja kwa olandira, kumavutitsa seta (wokonzera omenya mpira), chifukwa iye amayang'ana ku 4, kutsogolo chakumanzere, ndipo mpira umamudzera kumbuyo kwa phewa. Seva yaifupi kwa womenya wakutsogolo imamulanda malo othamangira. Wolowa kumene kuchokera pabenchi nayenso ayesedwe nthawi yomweyo asanatenthe. Ikani matawulo pamalo amenewa, aliyense amenye khumi, muwerenge pavidiyo zomwe zagwera pathawulo ndi zomwe zatuluka kunja, mulembe. Sabata yamawa mubwereze ndi mipira yomweyo, mutaiyeza ndi geji musanayambe.