Mtengo wa apozi wa agogo musaudule

Amayi, mwati mtengo wa apozi umene agogo anu anabzala ku Kabwata ukungochita masamba osabala, ndipo bambo a kunyumba akufuna kuudula kuti abzalepo mapeyala. Chonde aletseni kaye. Mtengo wotero nthawi zambiri sukhala wodwala, umangokhala kuti sunagone.

Apozi kwawo ndi kozizira. Kumeneko amayoyola masamba onse, n'kugona miyezi ingapo, kenako maluwa amatuluka pamodzi. Mitundu ina yakale, monga Cox's Orange Pippin wa ku England, imafuna maola 800 kapena kuposerapo a kuzizira kwa pansi pa madigiri 7. Lusaka wathu ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi timavaladi majuzi, koma dzuwa likangokwera kwafunda. Ndiye mtengo umangosinza. Masamba akale amakakamira, maso a panthambi osaphukira.

Mankhwala ake ndi kuugoneka mokakamiza. Meyi akamatha, lekani kuthirira. Ndikudziwa kuti zimawawa kuuona uli ndi ludzu, inenso chaka choyamba wanga ndinkauthirira mobisa ndipo sindinadye kanthu. Kumapeto kwa Julayi thotholani masamba onse ndi manja, osasiya ndi limodzi lomwe. Dulirani nthambi zouma, zopingasana ndi zija zoongoka ngati ndodo pakati pa mtengo. Zotsalazo ziweramitseni, muzimangirire ndi chingwe ku njerwa kuti zigone chopingasa, chifukwa nthambi yoimirira imangothamangira kutalika pamene yogona imatulutsa maluwa. Mukatero thirani manyowa owola bwino ndi madzi ambiri. Alimi a ku Batu ku Indonesia, kumene kulibe nyengo yozizira ngati ya ku Ulaya, amathothola masamba chomwechi ndipo amakolola kawiri pa chaka.

Ngati mtengowo uli wokha, limenelonso ndi vuto. Maapozi ambiri amafuna mungu wa mtundu wina. Pezani Anna kapena Dorsett Golden, amene safuna kuzizira kwambiri, mubzale pafupi, ndipo masamba muzithothola nthawi yoti maluwa akumane, njuchi zichite zotsalazo.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Mwanenanso kuti mwasunga njere za zipatso ziwiri zokha zimene unabalapo kuti mtunduwo usathe. Njere sizingakubwezereni mtengo wa agogo. Njere iliyonse ya apozi imamera mtengo wachilendo, kawirikawiri wa zipatso zazing'ono zowawasa. Granny Smith amene timagula m'masitolo anachokera ku mtengo umodzi umene unamera wokha kwa Maria Ann Smith ku Sydney cha m'ma 1868, ndipo wafika mpaka lero chifukwa anthu ankadula nthambi n'kumezanitsa. Inunso chitani zomwezo. Mu Julayi momwemo dulani kanthambi ka chaka chatha, kukula ngati pensulo, ka maso atatu kapena anayi. Songolani kumunsi ngati nkhwangwa, ng'ambani tsinde la kamtengo ka apozi kakang'ono, lowetsani moti makungwa akhudzane mbali imodzi, n'kumanga zolimba ndi kansalu ka pulasitiki. Njere mwasungazo ndi zothandiza apa: zikamera n'kukula, zikhale matsinde omezanitsapo. Chitani zitatu kapena zinayi, zina zimakana. Zikagwira, pomezanitsapo pazikhala pamwamba pa dothi pobzala, ndipo imodzi mupatse achemwali anu kuti mtunduwo usakhale pabwalo limodzi lokha.

Chiswe ndicho chinandiphera mtengo wanga woyamba m'kutentha kwa Okutobala. Udzu wophimbira pansi usakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho. Ndipo ngati pamalopo pamadikha madzi mvula ikagwa, monga zimachitikira m'makomboni ambiri muno, kumbani kangalande, mizu ya apozi imaola msanga.

Zipatso zikagwira, siyani chimodzi kapena ziwiri pa tsango. Zikapsa mujambule chimodzi chathunthu ndi china chodula pakati, mutitumizire zithunzizo tiyese kuuzindikira mtundu wake.